Mmene matope amasokonezera kupima tizilombo m'madzi a m'mitsinje

Nyengo imene tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timaculuka m'mitsinje ndi m'madamu ndi nyengo yomweyo imene akatswiri amavutika kwambiri kutipeza. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi othamanga amakokolola ndowe za ziweto, zonyansa za m'zimbudzi zosefukira ndiponso dothi la m'minda, n'kukathira zonsezo mumtsinje. Tizilombo timalowa m'madzi pamodzi ndi matope, ndipo matope omwewo ndiwo amatseka sefa ya wopima ndi kuphimba tizilombo pagalasi loonerapo. Zikatero, lipoti la ku labotale lingathe kunena kuti palibe comwe capezeka, pamene m'madzimo tizilombo tilimo.

Tizilombo timene tikukambidwa pano ndi tiwiri, Cryptosporidium ndi Giardia. Si mabakiteriya ngati amene amayambitsa kolera, ndiponso si njoka za m'mimba. Ndi tamoyo ta selo limodzi timene timakhala m'matumbo a anthu ndi a nyama, makamaka ana a ng'ombe. Giardia anaonedwa koyamba mu 1681 ndi Antonie van Leeuwenhoek wa ku Netherlands, amene anagwiritsa nchito galasi lokulitsa zinthu lodzipangira yekha. Cryptosporidium anafotokozedwa mu 1907 ndi Ernest Tyzzer wa ku America, amene anampeza m'mimba mwa mbewa, koma panapita zaka pafupifupi 70 kuti adziwike kuti amadwalitsanso anthu. Odwala oyamba analembedwa mu 1976.

Potuluka m'thupi la wodwala, tizilomboti timakhala titadzitsekera m'kacigoba kolimba. Akatswiri amacha ka Cryptosporidium kuti oocyst, ndipo ka Giardia amakacha cyst. Si mazira enieni, koma popeza timagona m'cigoba kudikira kuti wina atimeze, dzina loti timazira ndi limene lagwiritsidwa nchito m'nkhani ino. Kadzira ka Cryptosporidium ndi ka mamaikulomita 4 kufika 6, ndipo ka Giardia ndi kokulirapo, pafupifupi mamaikulomita 8 kufika 12. Maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kutanthauza kuti timazira ta Cryptosporidium tokwana 200 titandandalikidwa pamzere tingatalike milimita imodzi yokha.

Cigobaco n'cimene cimacititsa kuti tizilomboti tiopedwe. Klorini wa muyezo umene umathiridwa m'madzi a m'mipope amapha mabakiteriya a kolera m'mphindi zocepa. Giardia amafa naye, koma mocedwa. Cryptosporidium angakhale wamoyo m'madzi oterowo kwa masiku oposa 7. Kafukufuku wocitidwa pa anthu odzipereka anaonetsa kuti timazira tosafika ngakhale 50 tingadwalitse munthu wathanzi, pamene wodwala mmodzi angatulutse timazira mamiliyoni ambiri paulendo umodzi wa kucimbudzi.

Pali vuto linanso limene limasiyanitsa tizilomboti ndi mabakiteriya. Pofuna kudziwa ngati madzi ali ndi mabakiteriya a m'cimbudzi monga E. coli, wopima amatenga mamililita 100, kuwapatsa cakudya ndi kuwaika pofunda kwa tsiku limodzi, ndipo mabakiteriya amaswana mpaka kuoneka ndi maso. Timazira sitiswana m'madzi kapena m'mbale ya m'labotale. Tiyenera kugwidwa monga mmene tilili, kulekanitsidwa ndi zinyalala, ndi kuwerengedwa kamodzikamodzi. Nthawi zambiri m'malita 10 a madzi a mumtsinje mumakhala timazira towerengeka cabe, pakati pa tizidutswa ta dothi, ta masamba ndi ta ndere tosawerengeka. Nchitoyo ili ngati kufunafuna mkanda umodzi wogwera m'nkhokwe ya mapira.

Zimene zinacitika ku Milwaukee

Kuvunduka kwa madzi kumapimidwa ndi makina amene amawalitsa nyali m'madzi ndi kuona kuculuka kwa kuwala kumene kwamwazidwa ndi tinthu toyandama. Muyezo wake umachedwa NTU. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi akumwa akhale pansi pa 1 NTU asanathiridwe klorini, ndipo diso la munthu limayamba kuona kuti madzi ali mbuu akafika pafupifupi 4 NTU. Mtsinje wodzala m'nyengo ya dzinja ungafike pa ma NTU mazana angapo.

Mu March ndi April 1993, mumzinda wa Milwaukee, m'cigawo ca Wisconsin ku America, anthu anayamba kutsegula m'mimba mwaunyinji. Ana a sukulu ndi anthu a panchito anajomba, ndipo mankhwala oletsa kutsegula m'mimba anatha m'masitolo. Mzindawu umatunga madzi m'nyanja ya Michigan. Pa malo oyeretsera madzi a Howard Avenue, amene amatumikira mbali ya kum'mwera, kuvunduka kwa madzi oyeretsedwa kale kunafika pa 1.7 NTU, pamene kwa zaka khumi m'mbuyomo kunali kusanapitirirepo 0.4 NTU. Kwa womwa madziwo, kusiyanako kunali kocepa. Madzi anali ndi klorini, ndipo anali kukwaniritsa malamulo a nthawiyo.

Pa 7 April akuluakulu a mzinda analamula kuti anthu aziwiritsa madzi, ndipo patapita masiku awiri malo oyeretserawo anatsekedwa. Panthawiyo madzi oipitsitsa anali atadutsa kale m'mipope ndi kumwedwa. Kuti apeze umboni, ofufuza anasungunula miyala ikuluikulu ya aisi imene inapangidwa m'milungu imeneyo ndi madzi a mumzindamo, n'kuisefa, ndipo timazira ta Cryptosporidium tinapezekamo. Ciwerengero cimene cinalengezedwa pambuyo pake cinali cakuti anthu pafupifupi 403,000 anadwala. Anthu oposa 50 anamwalira, ambiri a iwo odwala AIDS.

Njira yopimira imene inali kugwiritsidwa nchito m'zaka zimenezo inali kutaya timazira tambiri. Madzi anali kudutsa m'sefa ya ulusi wokulungidwa, ulusiwo n'kudulidwa ndi kucapidwa, kenako matope otsala anali kuikidwa pamwamba pa madzi olemera a shuga kuti timazira tiyandame, zinyalala zimire. Koma kadzira kamene kamatirira ku dothi kanali kumira pamodzi ndi dothilo. Mliri wa ku Milwaukee unafulumizitsa bungwe la boma la America loona za cilengedwe, la EPA, kukonza njira ina. Njira yochedwa Method 1623, yopimira tizilombo tonse tiwiri, inatuluka mu 1999 ndipo inakonzedwanso mu 2012. Bungwe la miyezo la padziko lonse la ISO linatulutsa njira yofanana nayo mu 2006.

Ulendo wa malita 10

M'njira yatsopanoyi, madzi okwana malita 10 amapopedwa kudutsa m'sefa ya timabowo ta maikulomita imodzi, kapena m'sefa ya siponji yopanikizidwa. Madzi amadutsa, ndipo ciliconse cokulirapo cimatsala. Sefayo imatumizidwa ku labotale ili pozizira koma yosaundana, ndipo iyenera kutsukidwa pasanathe maola 96 kucokera pamene madzi anatungidwa. Potsuka, amathiramo madzi a sopo wapadera n'kuigwedeza ndi makina kuti zonse zimene zinakanirira zicoke.

Madzi otsukirawo amaikidwa m'makina ozungulitsa mwaliwiro kwa mphindi 15, ndipo zolemera zonse zimasonkhana pansi pa botolo ngati kambulu ka matope. M'kambulu kameneko ndi mmene muli timazira, ngati tilimo.

Kuti atulutsemo timazira, amathiramo timikanda ting'onoting'ono tokokedwa ndi maginito. Timikandato timakutidwa ndi mankhwala ochedwa ma antibody, amene amagwira cigoba ca Cryptosporidium kapena ca Giardia basi. Botolo limazunguliridwa pang'onopang'ono kwa ola limodzi kuti timikanda tikumane ndi timazira. Kenako amaika maginito pambali pa botolo, timikanda pamodzi ndi timazira timene tagwira timakokedwera kumeneko, ndipo matope amakhuthulidwa. Asidi wocepa amalekanitsa timazira ndi timikanda. Dontho limene latsala limaikidwa pagalasi, kupakidwa utoto wowala, ndi kuonedwa pa maikulosikopu m'cipinda ca mdima. Kadzira kamawala mobiriwira m'mbali mwake. Utoto wina umaonetsa timadontho ta buluu mkati, tofika tinayi m'kadzira ka Cryptosporidium. Munthu wophunzitsidwa bwino amayang'ana galasi lonse ndi kuwerenga.

Pa sitepe iliyonse ya ulendowu timazira tina timatayika, ngakhale madzi atakhala oyera. Pa kafukufuku wamkulu amene EPA inacita kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, timazira todziwika ciwerengero cake tinathiridwa dala m'madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja zosiyanasiyana za ku America. Pa avareji, malabotale anapezanso timazira 43 mwa 100 tilitonse ta Cryptosporidium, ndi 53 mwa 100 ta Giardia. Imeneyi ndi njira yabwino kwambiri imene ilipo, ili m'manja mwa akatswiri, ndipo imataya pafupifupi theka.

Pamene matope amalowerera

Vuto loyamba limayambira m'mbali mwa mtsinje momwemo. Dongo ndi ndere zimatseka timabowo ta sefa, madzi n'kuleka kudutsa malita 10 asanakwane. Ofufuza a ku dipatimenti ya zamadzi ya cigawo ca California, m'lipoti lawo la mu 2002, anayesa mitundu iwiri ya sefa m'madzi ovunduka. Ina inatha kusefa madzi oculuka kuwirikiza kawiri kuposa inzake, koma palibe ngakhale imodzi imene inafikitsa malita 10 isanatsekeke. Lamulo la ku America la mu 2006 linavomereza vutoli poyera: ngati malita 10 alephereka, kampani ya madzi isefe madzi amene masefa awiri angathe kudutsitsa asanatsekeke.

Tanthauzo la zimenezi limaoneka bwino ndi masamu osavuta. Mwacitsanzo, mtsinje ukhale ndi timazira 5 m'malita 10 alionse. Sefa ikatsekeka patadutsa malita awiri okha, ndiye kuti mwina kadzira kamodzi ndi kamene kalowa. Njira yopimira ikamataya theka kapena kuposerapo, n'zotheka kwambiri kuti kadzira kamodziko sikafika pagalasi. Lipoti lidzati palibe. Koma banja limene limatunga pa dooko limenelo limamwa malita 10 amenewo tsiku limodzi.

Vuto laciwiri lili pa kambulu ka matope kaja. Timikanda ta maginito timagwira bwino nchito ngati matope a m'botolo limodzi sapitirira theka la mililita, limene ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kasupuni ka tiyi. Matope akaculuka, timikanda sititha kuyenda momasuka kuti tikumane ndi timazira. Njira ya EPA imati kambulu kakakulu kagawidwe m'mabotolo angapo. Kambulu ka mamililita awiri kamafuna mabotolo anayi, timikanda kanayi ndi magalasi anayi oti munthu awayang'ane. Timikandato n'todula. Labotale ikasankha kupima botolo limodzi lokha mwa anayiwo, ndiye kuti yaona gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi amene anasefedwa, ndipo ngati lipoti silinena zimenezo, wowerenga amaganiza kuti madzi onse anaonedwa.

Si kuculuka kwa matope kokha kumene kumavuta ayi. Mtundu wake nawonso uli ndi mbali. Timazira timakonda kumatirira ku tizidutswa ta dongo ndi ta zinthu zowola, ndipo kadzira kokutidwa ndi dongo sikagwidwa msanga ndi kamkanda. Dothi lokhala ndi citsulo cambiri limasokoneza nchito ya timikanda, ndipo tizidutswa tina timakokedwa ndi maginito pamodzi ndi timikandato n'kukafika pagalasi. Madzi akakhala a asidi woculuka kapena wocepa kwambiri, ma antibody sagwira mwamphamvu. Ngakhale mankhwala amene makampani a madzi amathira kuti matope aundane ndi kumira, monga alamu, amasokoneza kupima ngati madziwo atungidwa pambuyo pothiridwa mankhwalawo. N'cifukwa cake pokonzanso njirayi mu 2012 anaonjezapo sitepe yotsuka sefa ndi mankhwala a sodium hexametaphosphate, amene amamwaza tizidutswa ta dongo kuti tisaundane, komanso analola kutsuka timikanda kaciwiri pamene zinyalala zaculuka.

Kafukufuku wa ku California uja anaonetsa mmene zotsatira zimasiyanirana malo ndi malo. Pa sefa yabwinopo ija, timazira ta Cryptosporidium topezedwanso tinali pakati pa 36 ndi 75 mwa 100, pamene ta Giardia tinali pakati pa 0.5 ndi 53 mwa 100. Kumalo kumene zinthu zinavuta kwambiri, ndiye kuti mwa timazira 200 ta Giardia tothiridwa m'madzi, kamodzi kokha ndi kamene kanaonekanso. Ofufuzawo anapezanso kuti kukwera kwa NTU kunali kufotokoza bwino kutayika kwa Giardia, koma osati kwa Cryptosporidium. Zimenezi n'zomveka, pakuti makina a NTU amaona kuwala komwazidwa cabe. Sasiyanitsa dongo, mcenga wosalala, ndere kapena masamba owola. Mitsinje iwiri ingakhale ndi NTU yofanana, koma wina n'kupimika bwino, wina n'kukanika.

Vuto lomaliza lili pa maikulosikopu. Zinyalala zimene zadutsa masitepe onse zimagona pagalasi ndi kuphimba timazira, kapena kuwalitsa galasi lonse kotero kuti kadzira sikaonekera. Malabotale ena amagwiritsa nchito njira ya PCR, imene imafufuza DNA ya kacilombo m'malo moyang'ana cigoba. Njirayi ili ndi ubwino wakuti imauza ngati ndi mtundu wa Cryptosporidium hominis, umene umayenda pakati pa anthu, kapena Cryptosporidium parvum, umene umapezekanso mwa ana a ng'ombe, cinthu cimene diso silingasiyanitse. Komabe nayonso imalepheretsedwa ndi zinthu zocokera ku masamba ndi udzu wowola, zomwe zija zimapatsa madzi a m'dambo mtundu wa tiyi.

Madzi oyera kwambiri nawonso amataya timazira

Munthu angaganize kuti madzi akakhala oyera mbee ndiye kuti kupima kumayenda bwino koposa. Ofufuza a pa National University of Singapore anapeza zosiyana ndi zimenezo mu 2003. Iwo anayesa sitepe iliyonse payokha. Pa sitepe ya timikanda ndi ya utoto, timazira toposa 95 mwa 100 tinali kupezekanso. Koma atayambira pa sefa, pogwiritsa nchito madzi a pampopi, ciwerengero cinatsika kufika pa 14.4 mwa 100. Timazira tambiri tinali kutsalira m'sefa.

Atabwereza ndi madzi a m'damu, amene anali ovundukirako, anapezanso timazira 85 mwa 100. Kuti atsimikize kuti tinthu toyandama ndi timene tinathandiza, anathira dala fumbi la mcenga wa silika m'madzi a pampopi, ndipo ciwerengero cinakwera. Zinayenda bwino koposa ndi tizidutswa ta mamaikulomita 5 kufika 40, tolemera magalamu 1.42 m'malita 10.

Akatswiri amaganiza kuti tizidutswato timayala kansalu pamwamba pa sefa, motero timazira timagona pa kansaluko m'malo mokanirira m'timabowo, ndipo potsuka timacoka mosavuta. Ndiponso m'makina ozungulitsa, timazira tomatirira ku mcenga timamira msanga ndi kukhazikika pansi, pamene kadzira kali kokha kangatengedwe ndi madzi a pamwamba pokhuthula. Cotero matope ocepa, a mtundu woyenera, amathandiza wopima. Akapitirira, kapena akakhala dongo lomata, ndi pamene amawononga. Palibe lamulo limodzi lakuti NTU ikakwera mwakuti timazira timatayika mwakuti, ndipo aliyense wofuna kukonza ciwerengero ca labotale poyang'ana NTU yokha akungopenekera.

Kuona cinthu cimene palibe

Tinthu toyandama timasoceretsanso mbali ina. Mitundu ina ya ndere ndi ya yisiti ndi yofanana kukula ndi timazira, ndipo ina imawala yokha kapena kugwira utoto wobiriwira uja. Wopima wosazolowera, kapena wotopa ndi magalasi ambiri, angawerenge ndere ngati timazira.

Nkhani imeneyi inabuka mumzinda wa Sydney ku Australia mu 1998. Pakati pa July ndi September caka cimeneco, labotale inalengeza kuti yapeza Cryptosporidium ndi Giardia oculuka kwambiri m'madzi a mzindawo, ndipo mbali ina ya nthawiyo inali pambuyo pa mvula yamphamvu imene inavundula madamu. Anthu pafupifupi 3 miliyoni anauzidwa katatu konse kuti aziwiritsa madzi. Akuluakulu a kampani ya madzi anatula pansi maudindo. Koma ciwerengero ca odwala sicinakwere m'zipatala. Bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa linavomereza kuti tizilombo tinalowadi m'madzi, pamene akatswiri ena amene anayendera labotaleyo anati ziwerengero zina zinali zolakwika kaamba ka kusasamala bwino nchito ndi kusokoneza timazira ndi tinthu tina. Panalinso funso limene maikulosikopu sakanatha kuyankha, lakuti kodi timazira toonekato tinali tamoyo ndi totha kudwalitsa munthu. Kadzira kakufa kamawala cimodzimodzi ndi kamoyo.

Mmene labotale imadzipimira yokha

Popeza mtsinje uliwonse uli ndi matope akeake, labotale yodalirika imayamba yapima kuculuka kwa timazira timene imataya m'madzi a malo amenewo. Amatunga madzi kawiri pamalo amodzi. M'cidebe cimodzi amathiramo timazira towerengedwa kale, mwacitsanzo 100, n'kupima zidebe zonse ziwiri mofanana. Akapezanso 30, amadziwa kuti m'madzi a mtsinje umenewo njira yawo imaona timazira titatu mwa khumi tilitonse. Njira ya EPA imafuna kuti zimenezi zicitike koyamba pa malo atsopano, ndiponso kamodzi pa kupima 20 kulikonse.

Kamodzi pa 20 n'kocepa pa mtsinje umene umasintha mtundu pakati pa mwezi wa October ndi wa January. Ku Australia anakonza njira ina yochedwa ColorSeed. Timazira 100 ta mtundu uliwonse, tophedwa kale ndi kupakidwa utoto wofiira, timathiridwa m'madzi omwewo amene akupimidwa. Pa maikulosikopu, tofiira ndi tothiridwa dala, ndipo tobiriwira tokha ndi ta mumtsinje. Motero cidebe ciliconse cimanena cokha kuti cataya tingati.

Lipoti lonena kuti tizilombo sitinapezeke limakhala ndi tanthauzo pokhapokha litachula malita amene anadutsadi m'sefa, gawo la kambulu limene linaonedwa, ndi ciwerengero ca timazira tothiridwa dala timene tinapezekanso. Kusapeza kanthu m'malita 10 pamene njira ikuona 60 mwa 100 n'kosiyana kwambiri ndi kusapeza kanthu m'lita imodzi pamene njira ikuona 5 mwa 100, ngakhale kuti pa pepala zonse ziwiri zimalembedwa ndi ziro.

Muno m'Zambia

Cryptosporidium si wacilendo m'dziko muno. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1997 anapeza timazira take m'madzi akumwa a m'makomboni ena a mumzinda wa Lusaka. Wina wa mu 1998 anapeza kacilomboka mwa ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse otsegula m'mimba amene anapimidwa mumzinda womwewu. Mu 2002 madokotala a pa cipatala ca UTH anafalitsa zotsatira za kuyesa mankhwala a nitazoxanide pa ana odwala matendawa. Mankhwalawo anathandiza ana amene analibe HIV, koma sanathandize amene anali nayo. Mu 2013, kafukufuku wamkulu wochedwa GEMS, amene anacitikira m'maiko asanu ndi awiri kuphatikizapo Mozambique ndi Kenya, anaika Cryptosporidium pakati pa tizilombo tinayi totsogola pa kutsegula m'mimba koopsa mwa ana aang'ono.

Mbali ina ya madzi a mu Lusaka imacokera mumtsinje wa Kafue, kumene amayeretsedwa pa malo a Iolanda, ndipo ina imacokera m'zitsime zakuya. Kumidzi, anthu ambiri amatunga m'mitsinje ndi m'madamu mmene ng'ombe zimamwanso. Amene anaona mtsinje wa Luangwa m'mwezi wa February, uli psuu ndi dothi, angamvetse kuti sefa ya timabowo ta maikulomita imodzi singapite patali ndi madzi oterowo.

Kupima kwa masiku onse kumene makampani a madzi amacita kulikonse kumayang'ana klorini wotsala m'madzi, mabakiteriya a m'cimbudzi ndi NTU. Kusapezeka kwa E. coli m'madzi othiridwa klorini si umboni wakuti Cryptosporidium mulibe, pakuti klorini amapha E. coli n'kusiya timazira. Cimene cimacotsa timazira pa malo oyeretsera madzi ndi kuundanitsa matope ndi alamu, kuwalola kumira, ndi kusefa m'mcenga. Apa matope omwe aja amene amavutitsa labotale amasanduka mlonda. Zotsatira za kupima timazira zimabwera patapita masiku, madzi atamwedwa kale, pamene NTU imaoneka nthawi yomweyo. Ngati dothi layamba kudutsa m'sefa ya mcenga, timazira natonso tingadutse, monga zinacitikira ku Milwaukee. WHO imati makampani akuluakulu oyendetsedwa bwino ayenera kutha kusunga madzi osefedwa pansi pa 0.5 NTU nthawi zonse. M'maiko ena amaonjeza nyali za kuwala kwa UV, kumene kunadziwika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti kumalepheretsa Cryptosporidium kudwalitsa, ngakhale kuti nakonso kumafooka m'madzi ovunduka cifukwa tinthu toyandama timachinga kuwala.

Pakhomo, cizolowezi cosiya madzi m'ndowa kuti matope adikhe cimathandiza pang'ono cabe. Timazira timene tamatirira ku dothi timamira nalo, koma ofufuza a ku Netherlands anapeza mu 1998 kuti kadzira ka Cryptosporidium kamene kali kokha kamatsika pafupifupi masentimita atatu pa tsiku lonse. Madzi a pamwamba pa ndowa angaoneke oyera m'mawa, timazira tikali kuyandama momwemo. Klorini wa m'kabotolo amateteza ku kolera ndi taifodi, ndipo ndi wofunika pa nchito imeneyo, koma sagonjetsa Cryptosporidium. Madzi a khanda, a mwana wosowa cakudya cokwanira m'thupi, kapena a munthu amene citetezo ca thupi lake catsika, ayenera kusefedwa pa nsalu yoyera, kuwiritsidwa mpaka atabwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu, ndi kusungidwa m'cigubu covundikira.